Lipoti la kusankha seva yaing'ono ya ofesi yoyeza malo ku Lilongwe

Ofesi yomwe lipotili likunena ndi ya akatswiri oyeza malo ndi kujambula mapulani a nyumba mumzinda wa Lilongwe, ndipo mumagwira ntchito anthu 14. Mafayilo awo anali mbwee: ena pa malaputopu, ena pa madisiki asanu a USB omwe ankayenda m'zikwama kupita kumalo a ntchito n'kubwerako madzulo. Disiki imodzi inagwa patebulo ili mkati mozungulira, zithunzi za droni za miyezi itatu n'kupitira pomwepo. Eni ofesi anapempha seva, kompyuta imodzi yosungira mafayilo a onse, yokwana pashelefu, yosasokosa popeza ilibe chipinda chakechake, yosalira munthu woiyang'anira tsiku ndi tsiku, ndiponso yosunga mafayilo onse mkati mwake popanda madisiki olendewera kunja.

Makotesheni atatu oyamba onse ankatamanda purosesa ndi RAM. Palibe ndi imodzi yomwe inanena kuti seva ili ndi mipata ingati ya madisiki, madisikiwo ndi a mtundu wanji, kapena kuti imadya magetsi ochuluka bwanji. Pa seva yosunga mafayilo a anthu 14, purosesa imakhala chigonere pafupifupi tsiku lonse. Zomwe zimapha seva yotere ndi disiki, magetsi ndi kutentha, motero kusankha kunayambira kumeneko.

Kuwerengera malo

Titasonkhanitsa zonse n'kuchotsa mafayilo obwerezedwa, zinatsala 2.6TB. Masiku olembedwa pa mafayilowo anasonyeza kuti pa zaka ziwiri zapitazo ofesi yakhala ikuwonjezera pafupifupi 1.2TB pachaka, makamaka zithunzi za droni ndi mapu opangidwa kuchokera ku zithunzizo. Seva imagulidwa kuti itumikire zaka zisanu, ndiye 2.6 kuwonjezerapo 6 zikukwana 8.6TB. Pamwamba pake tinaikapo gawo limodzi mwa magawo asanu la ma snapshot, omwe amasunga maonekedwe a mafayilo a dzulo ndi a mwezi watha, zonse n'kufika 10.3TB. Komanso ZFS, njira yosungira mafayilo yomwe inasankhidwa, imayamba kuchedwa ikadzadza kupitirira 80 peresenti. Choncho malo ofunikadi ndi 10.3 kugawa ndi 0.8, omwe ndi pafupifupi 13TB.

Nambala imeneyi ndi ya malo ogwiritsa ntchito, osati yolembedwa pamakatoni. Madisiki anayi a 6TB, awiri atapita ku chitetezo, amapereka 12TB, zomwe n'zoperewera. Anayi a 8TB amapereka 16TB, ndipo ZFS ikatengapo zake pamatsala pafupifupi 15. Eni ofesi ayenera kuuzidwiratu kuti Windows idzaonetsa nambala yocheperapo, chifukwa opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pomwe kompyuta imawerenga ndi 1,024: disiki ya 8TB imaoneka ngati 7.28. Popanda kufotokozeratu, munthu amaganiza kuti waberedwa.

Madisiki anayi a 8TB angayalidwe m'njira zitatu za RAID, kutanthauza kugwirizanitsa madisiki angapo kuti imodzi ikafa mafayilo asatayike. RAID 5, kapena RAIDZ1 pa ZFS, imapereka 24TB koma imapirira imfa ya disiki imodzi yokha. Disiki ikafa, seva imawerenga zonse za pa atatu otsalawo kuti imange yatsopano, ntchito ya maola ambiri yomwe imapanikiza madisiki okalamba mofanana, ndipo ndi nthawi imeneyi pomwe yachiwiri imakonda kufa. Opanga madisiki ambiri wamba amalemba okha kuti pangakhale polephera kuwerengeka kamodzi pa ma bit 10^14 aliwonse, omwe ndi pafupifupi 12.5TB, pomwe kumanganso RAID 5 yodzadza ya madisiki oterewa kumawerenga 24TB. Njira yachiwiri ndi mapasa awiriawiri, disiki iliyonse kukhala ndi inzake yosunga zomwezo, njira yomwe ndi yachangu ndipo imapereka 16TB, koma mapasa a gulu limodzi akafa onse, zonse zatha. Njira yachitatu, RAIDZ2, imaperekanso 16TB ndipo imapirira imfa ya madisiki awiri alionse. Kumene sipeya imafika mawa lake, mapasa ndi abwino. Kuno disiki yoitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai ingatenge milungu, makamaka ndalama zakunja zikamasowa kumabanki, ndipo nthawi yonseyo seva ikuyenda yopunduka. N'chifukwa chake RAIDZ2 inapambana, ndipo chiganizochi ndi chomwe chinalamula kuti bokosi likhale ndi mipata yosachepera inayi ya madisiki a mainchesi 3.5.

Mabokosi omwe anayerekezedwa

Kakompyuta kakang'ono kolumikizidwa ku bokosi la madisiki la USB kanakanidwa msanga. Nthambo ya USB ikagwedezeka kapena magetsi akatsika pang'ono, madisiki onse amasowa nthawi imodzi, ndipo mabokosi ambiri otere sapereka bwino malipoti a SMART, osonyeza thanzi la disiki iliyonse payokha.

Seva zakale za mu rack, kabati yachitsulo yosanjikamo maseva, monga Dell PowerEdge R720 kapena HP DL380 Gen8 zimapezeka zotchipa, ndipo n'zolimba ndithu. Vuto lake ndi phokoso la mafani ang'onoang'ono othamanga kwambiri, kutalika kwake kosakwana pashelefu, ndi magetsi: zikakhala ndi madisiki zimadya kupitirira 100W ngakhale zisakuchita kanthu. Watt iliyonse yowonjezera imalipiridwa kawiri, pa mayunitsi ndi pa kukula kwa mabatire.

Synology DS923+ ili ndi mipata inayi, purosesa ya AMD Ryzen R1600 ndi RAM ya ECC, yomwe imadzikonzera zolakwika zazing'ono, ndipo kwa ofesi yopanda katswiri aliyense pafupi ndi chisankho chabwino. Inatsalira pa chifukwa chimodzi: bokosilo litafa, madisiki ake angawerengedwe pa Linux koma pamafunika luso ndi nthawi, pomwe madisiki a ZFS amangolumikizidwa pa kompyuta iliyonse yokhala ndi pulogalamu ya ZFS ndi malo anayi olumikizira madisiki otchedwa SATA, n'kulamula zpool import. Dell PowerEdge T150 nayo ili ndi mipata inayi ndi iDRAC9 yoyang'anira seva uli patali. Inangokula kuposa shelefu. T350 ndiyo yokhala ndi mipata isanu ndi itatu yosinthika seva ikuyaka, ndiponso ingakhale ndi ma power supply awiri, koma mtengo wake unali wa ofesi yaikulu kuposa iyi.

Yomwe inasankhidwa ndi HPE ProLiant MicroServer Gen10 Plus v2, kabokosi ka masentimita pafupifupi 24.5 m'litali ndi m'lifupi, ndi 12 kutalika. Kali ndi mipata inayi ya SATA, malo anayi a netiweki ya gigabit, purosesa ya Xeon E-2314, ndipo tinaikamo RAM ya ECC ya 16GB. TrueNAS, pulogalamu yoyendetsa sevayi, imafuna 8GB kapena kuposerapo. ECC ndi yofunika chifukwa RAM ikasokoneza bit imodzi fayilo isanalembedwe, ZFS idzasunga cholakwikacho mokhulupirika ngati choona.

Kabokosika kali ndi zofooka zitatu zoyenera kuzidziwa musanalipire. Choyamba, madisiki sasinthidwa seva ikuyaka. Muyenera kuithimitsa kwa mphindi khumi, zomwe ofesi iyi ingapirire koma chipatala sichingapirire. Chachiwiri, mulibe malo achisanu oika disiki ya pulogalamu yoyendetsa seva. Fulashi wamba yolowetsa pa USB ya mkati imatha msanga chifukwa cholembedwa mosalekeza, motero tinagwiritsa ntchito SSD ya NVMe ya 256GB pa kakhadi kolowa mu PCIe, malo olowetsamo makhadi owonjezera. Malo a PCIe ndi amodzi okha, ndiye khadi ya netiweki ya 10Gb ilibenso pokhala. Chachitatu, iLO 5, njira ya HPE yoyang'anira seva, imafuna kakhadi kogulidwa padera kuti igwire ntchito patali, ndipo ogulitsa ena sakaika pa kotesheni pokhapokha mutakatchula. Magetsi amalowa kudzera pa adapitala yakunja ya 180W, yonga ya laputopu. Ndi imodzi yokha, koma ikapsa imasinthidwa popanda kutsegula seva.

Musanaike pulogalamu, lowani mu BIOS, makonzedwe a mkati omwe amafikidwa poyatsa seva, n'kusintha malo a SATA kuchoka pa RAID ya Intel VROC kupita pa AHCI, yomwe imaonetsa disiki iliyonse payokha. ZFS imafuna kuona disiki iliyonse mwachindunji; ikabisidwa kuseri kwa RAID ina singathe kukonza zolakwika zomwe yapeza.

Madisiki enieniwo

Apa m'pamene ndalama zimatayika mwakachetechete. Kotesheni imodzi inangolemba kuti "6TB NAS" popanda nambala ya mtundu, ndipo titafunsa inapezeka kuti ndi ya SMR. Madisiki a SMR amalemba mizere yosanjikizana ngati malata padenga, moti kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo. Pa ntchito yopepuka simuona kusiyana, koma pomanganso RAID amachedwa kwambiri, mwina mpaka seva kuwayesa akufa n'kuwataya. Nkhaniyi inaphulika mu 2020 pomwe zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a 2TB mpaka 6TB, a nambala zokhala ndi EFAX, anali a SMR. Kuchokera pamenepo a CMR, olemba mizere yosasanjikizana, amagulitsidwa ndi dzina la Red Plus. Seagate IronWolf ndi ambiri a Exos, Toshiba N300 ndi MG, komanso WD Ultrastar HC320 ndi a CMR. Lamulo lake ndi lakuti kotesheni ilembe nambala yonse ya mtundu wa disiki, ndipo muifufuze pa pepala la wopanga.

Anagulidwa madisiki asanu a 8TB, anayi olowa mu seva ndi imodzi ya sipeya, kuchokera kwa ogulitsa awiri osiyana kuti onse asakhale a gulu limodzi la kufakitale. Madisiki obadwa tsiku limodzi, onyamulidwa m'katoni imodzi pamsewu umodzi wa mabampu, amakonda kudwalanso limodzi.

Asanalandire fayilo iliyonse anayesedwa. RAM inayesedwa ndi MemTest86 maulendo anayi. Disiki iliyonse inaonedwa ndi smartctl -a kuti maola ake ogwira ntchito, nambala 9 pa SMART, ali pafupi ndi ziro. Pa madisiki a Seagate onaninso smartctl -l farm, chifukwa kumayambiriro kwa 2025 kunapezeka madisiki a Exos ogwiritsidwa kale ntchito omwe amalonda achinyengo anafufuta maola a SMART n'kuwagulitsa ngati atsopano, pomwe kaundula wa FARM anasungabe maola enieni. Kenako smartctl -t long, yomwe pa 8TB imatenga theka la tsiku kapena kupitirirapo, ndipo pomaliza badblocks -b 4096 -wsv. Lamuloli limafufuta chilichonse cha pa disiki, limalemba ndi kuwerenga maulendo anayi, ndipo limatha masiku anayi kapena asanu. Popanda -b 4096 limakana madisiki aakulu chonchi.

Pa tsiku lachitatu disiki imodzi inaonetsa 24 pa nambala 197, kutanthauza timagawo tolephera kuwerengeka. Sipeya inalowa m'malo mwake tsiku lomwelo, ndipo yobwezedwa pa waranti inafika patatha milungu isanu ndi umodzi. Manambala oyenera kuwayang'anitsitsa ndi 5, 187, 188, 197 ndi 198. 5, 197 kapena 198 ikachoka pa ziro n'kumakwera, disiki ichotsedwe. Nambala 199 ndi yosiyana: imaloza nthambo kapena polumikizira pomwe sipanagwire bwino, ndipo anthu ambiri ataya madisiki abwinobwino chifukwa chosadziwa zimenezi. Manambala anayi omaliza a serial ya disiki iliyonse analembedwa pa kapepala n'kumatidwa pa mpata wake. Tsiku la mavuto, kutulutsa disiki yamoyo m'malo mwa yakufa ndi ngozi yeniyeni.

Magetsi

Mita yolumikiza pa soketi inaonetsa kuti seva imadya pafupifupi 50W madisiki onse akuzungulira, ndipo switch ndi rauta zimawonjezera 20W. Poyatsa, disiki iliyonse imakoka mpaka 25W kwa masekondi ochepa, zomwe adapitala ya 180W imakwanitsa.

UPS, bokosi la mabatire lopereka magetsi akathima, ya 1500VA yokhala ndi mabatire awiri a 12V 9Ah imasunga 216Wh papepala. Pa 70W imapirira kupitirira ola limodzi mabatire ali atsopano. Ntchito yake ndi kudutsitsa seva pa kuphethira kwa magetsi ndi kuithimitsa mwaulemu, osati kuiyendetsa tsiku lonse. Aliyense amene anali m'dziko muno namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022 akudziwa kuti magetsi angathime maola ochuluka tsiku lililonse kwa miyezi. Kuti 70W ipirire maola asanu ndi atatu pamafunika 560Wh, ndipo ndi zotayika mu inverter, yosandutsa magetsi a batire kukhala a pa soketi, ndi pafupifupi 660Wh. Batire ya mtovu ya 12V 100Ah ili ndi 1,200Wh, koma yogwiritsa ntchito popanda kuipha msanga ndi theka, 600Wh, yomwe ndi yoperewera. Pamafunika awiri otere, kapena imodzi ya LiFePO4 ya 100Ah, yomwe imapereka kupitirira 1,000Wh.

Pa kuyesa panatuluka mavuto awiri. Inverter yomwe ofesi inali nayo kale inali ya modified sine wave, ndipo UPS inkakana magetsi ake, n'kumangodumphira pa batire yake mpaka kutha, ngakhale mababu a m'chipindamo akuyaka. Inasinthidwa ndi ya pure sine wave. Jenereta yaing'ono imachitanso chimodzimodzi liwiro lake likamasinthasintha kuchoka pa 50Hz. Pa UPS zina izi zimachepa mukatsitsa sensitivity.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. UPS inalumikizidwa ku seva ndi USB, ndipo TrueNAS, kudzera mu NUT, pulogalamu yolankhulana ndi UPS, inauzidwa kuthimitsa seva ikakhala pa batire mphindi khumi. Mu BIOS tinasankha kuti seva iziyaka yokha magetsi akabwera. Poyesa, seva inathima bwino, magetsi anabwezedwa patapita mphindi zisanu, koma seva inangokhala chete. Chifukwa chake n'chakuti UPS inali isanathe, ndiye kwa seva magetsi sanachokepo, ndipo panalibe "kubwera" koti iyakire. Mankhwala ake ndi kuchonga Power Off UPS, kuti seva ikathima UPS idule magetsi ake onse n'kudzawabwezera pambuyo pake. Si UPS iliyonse yomwe imamvera lamuloli, motero yesani pozula pulagi kukhoma, osati pongowerenga buku.

Mabatire a UPS amatha zaka zitatu mpaka zisanu pa madigiri 25, ndipo moyo wawo umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi khumi. Tsiku loikidwa linalembedwa pa batire. Za mphezi, musangoteteza soketi yokha: nthambo ya netiweki yochokera ku mlongoti wa intaneti padenga ndi khomo lomwe mphezi imalowera mpaka ku switch ndi seva. Panaikidwa chotetezera cha Ethernet cholumikizidwa ku waya wa earth, ndipo wamagetsi anayeza earth wa nyumbayo dzinja lisanayambe.

Kutentha ndi fumbi

M'mwezi wa June madisiki anali pa madigiri 38 mpaka 41. Mu October anafika 47, chifukwa seva inali m'kabati yotseka kumbuyo ndipo mpweya wotentha unkabwerera kutsogolo. Thabwa la kumbuyo litachotsedwa n'kusiya mpata wa masentimita 15 kukhoma, anatsikira pa 42. Opanga amalola mpaka 60 kapena 65, koma chenjezo tinaliika pa 45. Ofesi ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa, komwe kunja kumapitirira 40, iyenera kuganizira zoziziritsa chipinda isanagule seva. Fumbi la chilimwe limapemereredwa miyezi itatu iliyonse seva itathimitsidwa, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire.

Kusamutsa mafayilo ndi backup

Netiweki ya gigabit imanyamula pafupifupi 110MB pa sekondi, ndiye 2.6TB ikanatha maola asanu ndi awiri, koma timafayilo tating'ono tambirimbiri tinachititsa kuti ntchitoyi idye mausiku awiri. Kukopera kunachitika ndi rsync, kenako kubwerezedwa ndi --checksum kuti zitsimikizike, ndipo madisiki akale anasungidwa osafufutidwa kwa miyezi itatu.

RAIDZ2 siteteza ku munthu wofufuta foda molakwitsa, ku ransomware (pulogalamu yoipa yotseka mafayilo mpaka mutalipira), ku moto kapena ku wakuba wonyamula kabokosi konse, komwe ndi kopepuka kunyamula. Ma snapshot amatengedwa ola lililonse n'kusungidwa masiku awiri, a tsiku ndi tsiku masiku 30, ndipo a mwezi miyezi 12. Makompyuta a ogwira ntchito sangawafufute. Madisiki awiri akunja a 12TB amasinthana Lachisanu lililonse: ina ikulandira zatsopano kudzera mu zfs send, inzake ili kunja kwa ofesi. Onse ndi otsekedwa ndi encryption popeza muli mayina, ziphaso ndi zikalata za malo za makasitomala, zomwe lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 limafuna kuti zisamalidwe. Kiyi yotsegulira inalembedwa papepala n'kusungidwa malo awiri. Ikatayika, backup yonse ndi chitsulo chabe. Kutumiza zonse pa intaneti sikukanatheka: pa liwiro la 10Mbps, 2.6TB imatha masiku 24 osapuma. Pa intaneti pamapita 80GB yokha ya zikalata ndi maakawunti.

Scrub, yomwe imawerenga chilichonse n'kukonza chowonongeka, imachitika mwezi uliwonse, SMART yaifupi mlungu uliwonse, yaitali mwezi uliwonse. Machenjezo amapita pa imelo ya anthu awiri, ndipo anayesedwa pothimitsa seva, kutulutsa disiki imodzi n'kuyatsanso. Imelo inafika, mafayilo anatsegukabe, ndipo kumanga disiki ya sipeya kunatha maola pafupifupi atatu, chifukwa ZFS imakopera malo okhala ndi zinthu okha. Seva ikadzadzadza, ntchito yomweyi idzafika theka la tsiku kapena kuposa. Miyezi itatu iliyonse foda imodzi imabwezedwa kuchokera pa disiki yakunja n'kutsegulidwa mu pulogalamu yojambulira mapu.

Patatha chaka

Malo odzadza afika 4.4TB pamodzi ndi ma snapshot. Kukula kwa chaka kwapitirira kuwerengera koyamba chifukwa ofesi inagula droni ya kamera yaikulu. Pa 1.8TB pachaka, malire a 12TB, omwe ndi 80 peresenti ya 15TB, adzafikidwa patatha zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Mpata wachisanu palibe, ndiye mwayi wowonjezera disiki pa RAIDZ womwe unabwera ndi OpenZFS 2.3 suthandiza pano. Njira ndi kusintha madisiki onse anayi ndi aakulu, imodziimodzi, kudikira iliyonse imangidwe isanachotsedwe yotsatira, ndipo malo amakula yomaliza ikatha. Kuitanitsa kudzayamba seva ikafika 70 peresenti, ndipo madisiki a backup a 12TB adzasinthidwa nthawi yomweyo.

Zinthu ziwiri zidakali zotsala. SSD ya pulogalamu ndi imodzi. Ikafa mafayilo sakhudzidwa, koma pamafunika SSD ina, kuikanso TrueNAS ndi kubwezera fayilo ya makonzedwe, yomwe tsopano imakoperedwa pa madisiki a backup nthawi iliyonse pakasinthidwa kanthu. Ndipo adapitala ya sipeya ya 180W inaitanitsidwa koma sinafike. Kufikira itafika, kompyuta imodzi ya mu ofesi yokhala ndi malo anayi a SATA ndi nthambo zake yasankhidwa kuti idzalandire madisikiwo adapitala ikadzapsa.